Bishopu Mackenzie wa ku Magomero ndi kusala kudya kothyola magoli

Nkhani ya kusala kudya ndi yofunika kuikamba mosamala kuno kwa Mwambo. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa safuna mphunzitsi wowauza mmene m'mimba mopanda kanthu mumamvekera. Akuluakulu akukumbukira chaka cha 1968 pamene nyanja idaphwa. Idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adagonanso pamatope ouma ku doko la Kachulu. Matemba akasowa ndalama imasowa, ndipo ndalama ikasowa mphika sukhala pamafuwa. Tikaonjezera njala ya 1949 ndi ya 2002, tiona kuti palibe banja kuno limene lilibe mbiri ya kugona ndi njala. Tsono mbusa akaima kutsogolo n'kulengeza sabata ya kusala kudya, pamakhala mayi wina pa benchi ya kumbuyo amene amadzifunsa chamumtima kuti nanga zimene wakhala akuchita mwezi wathunthu dzina lake n'chiyani.

Funso la mayiyu ndi lolondola, ndipo tisalithawe. Njala imabwera yosaitanidwa, ndipo Baibulo siliitcha dalitso. Kusala kudya ndiko kusiya mwadala chinthu chimene chili m'manja mwako, chifukwa cha Mulungu. Motero pofuna kuyesa kudzikana kwa munthu timafunsa kuti adasiya chiyani, nanga chimene adasiyacho chidakhutitsa yani. Lero tifunse mafunso amenewa pa moyo wa munthu amene adakhala pafupi nafe, ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi umene madzi ake amathera m'nyanja yathu yomweyi. Adakhalako miyezi yosakwana 6. Dzina lawo ndi Charles Frederick Mackenzie, bishopu woyamba wa mpingo wa Angilikani kuponda dziko lino. Ife amene tikulemba ndife a mpingo wina, koma mbiri ya a Mackenzie ndi cholowa cha Akhristu onse a m'Malawi, ndipo kumapeto kwa nkhaniyi tiona kuti nafenso tidadya nawo zipatso zake.

A Mackenzie adabadwa pa 10 Epulo 1825 ku Portmore m'dziko la Scotland, ndipo adali chitsirizira m'banja lalikulu ndi lolemekezeka. Bambo awo adamwalira iwo ali ndi zaka 5, kotero adaleredwa ndi alongo awo aakulu. Mutu wawo udali wakuthwa pa masamu. Atapita ku yunivesite ya Cambridge, pa mayeso otchuka a masamu a chaka cha 1848 adakhala wachiwiri pa onse amene adalemba. M'masiku amenewo mwayi wotero unkatsegula zitseko zonse za m'dziko la Mangalande. Koleji ya Caius idawapatsa mpando wa uphunzitsi, kutanthauza chipinda chawochawo, chakudya cha pa gome la aphunzitsi ndi malipiro osadukiza. Adadzozedwa udikoni mu 1851 ndi unsembe mu 1852, ndipo ankathandiza pa tchalitchi cha m'mudzi wa Haslingfield kufupi ndi Cambridge. Munthu wa zaka 27 adali atapeza kale zonse zimene anzake ankazifunafuna mpaka imvi.

Kusala kwawo koyamba kudayambira pamenepa. Mu 1853 padamveka pempho loti papezeke munthu wokathandiza ntchito ya Mulungu ku Delhi m'dziko la India. A Mackenzie adayamba kufunafuna munthu woti apite, mpaka tsiku lina funso lidawatembenukira eni ake: bwanji osapita iwo? Maganizo awo adali a katswiri wa masamu ndithu. Adaona kuti akachoka pa Cambridge anthu ofuna mpando wawo adzakhala ambirimbiri, pamene ofuna kupita kutali adali owerengeka. Choncho malo amene iwo ankafunika kwambiri ndi amene ena onse ankawakana. Ulendo wa ku India sudatheke, koma mu 1855 adanyamuka ndi Bishopu John Colenso kupita ku Natal, kumwera kwa Africa, pamodzi ndi mlongo wawo Anne amene adali wodwaladwala.

Ku Natal sikudali kwa mtendere. Azungu a mpingo wa ku Durban adakangana nawo kwambiri pa za kayendetsedwe ka mapemphero. Ndipo pa msonkhano wa mpingo wa 1858, pamene nthumwi zachizungu zidakana kuti mipingo ya anthu akuda ikhale ndi mawu ofanana ndi awo, a Mackenzie adatsutsa, ndipo atagonja pa mavoti adatuluka mumsonkhanomo. Tikuitchula nkhaniyi chifukwa pali chakudya china chimene ife atsogoleri a mipingo timavutika kusala koposa nsima, ndicho kuyamikiridwa ndi anthu a mtundu wathu.

Pa nthawi yomweyo dziko lathu lino lidayamba kumveka kunja. Pa 4 Disembala 1857 David Livingstone adalankhula kwa ophunzira a ku Cambridge, kuwadandaulira kuti apitirize ntchito imene iye adayamba mu Africa. Pa 18 Epulo 1859 Livingstone ndi John Kirk adaona nyanja ya Chilwa, ndipo adalemba zoyamikira mapiri ndi nthaka ya dera lino. Kuchokera m'mawu amenewa mudabadwa bungwe la mishoni la mayunivesite, limene timalidziwa ndi dzina loti UMCA. Pa 1 Novembala 1859 kudachitika msonkhano waukulu ku Cambridge wokometsera ntchitoyi, ndipo a Mackenzie, amene adali atabwerako ku Natal, adali m'gulu la omvera. Chikondwerero cha tsikulo chidawapatsa mantha, pakuti ankakhulupirira kuti ntchito zazikulu za Mulungu zimayamba mwakachetechete ndi anthu ochepa. Komabe atapemphedwa kutsogolera ulendowo adavomera. Adadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861.

Buku la mapemphero la mpingo wawo limaika masiku osala kudya: masiku 40 a nyengo ya Lenti, Lachisanu lililonse ndi ena apaderadera. Koma taonani chodabwitsa. A Mackenzie sadachitepo Lenti ngakhale imodzi pa nthaka ya Malawi. Lenti ya 1861 idawapeza m'sitima ya Livingstone yotchedwa Pioneer, akuyesa kulowera ku mtsinje wa Rovuma, ulendo umene udalephereka. Lenti ya 1862 idayamba iwo ali kale m'manda. Kusala kumene tikuwakumbukira nako kudali kwa mtundu wina, kumene mneneri Yesaya amakufotokoza m'mutu 58. M'mutu umenewu anthu akudandaula kuti asala kudya koma Mulungu sakuwaona, ndipo Mulungu akuwayankha kuti pa tsiku lomwelo losala amazunza antchito awo ndi kukangana. Kusala kumene Iye amafuna ndi komasula omangidwa, kothyola goli, kogawana chakudya ndi anjala, kolandira osowa pokhala ndi koveka ausiwa. Kwa ambiri a ife goli la m'mutuwu ndi fanizo chabe. Kwa a Mackenzie lidali mtengo weniweni wamphanda, womangidwa m'khosi mwa munthu.

Sitima ya Pioneer idali yozama kwambiri poyerekeza ndi madzi a Shire. Inkatitimira mumchenga kawirikawiri, ndipo bishopu ankakoka nawo zingwe ndi kudula nawo nkhuni ngati wantchito wina aliyense. Adafika kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, pa 8 Julayi 1861. Pokwera mapiri kubwera kumtunda kuno, a Mackenzie adanyamula ndodo ya ubishopu kudzanja limodzi, mfuti kudzanja linalo ndi thumba la mbewu kumsana. Owerenga asunge chithunzi chimenechi, pakuti moyo wonse wa ku Magomero udali mkangano wa zinthu zitatuzi.

Pa 16 Julayi ali m'mudzi wa Mbame, kudatulukira mdipiti wa akapolo opita ku Tete. Ogulitsa anthuwo ataona azungu adathawira kuthengo, n'kusiya anthu 84, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Choseketsa n'chakuti pa nthawiyo bishopu adali kukasamba kumtsinje, kotero amene adayamba kudula zingwe ndi Livingstone ndi anthu ake. Magoli a amuna adavuta kumasula mpaka padapezeka sowo m'katundu wa bishopu. Omasulidwawo adauzidwa kuti aphike ufa umene adasenza, adye iwo ndi ana awo, ndipo nkhuni zake zidali magoli omwewo. Sitidziwa ulaliki wina wa Yesaya 58 woposa moto umenewo. A Mackenzie atabwera kumtsinje adavomereza zimene zidachitika, ndipo anthu onsewo, posowa kobwerera, adasanduka banja lawo. Mpingo woyamba wa Chikhristu m'mapiri a Shire udayamba chotero, ndi ana amasiye anjala, bishopu asadathe n'kulankhula komwe Chimang'anja.

Mfumu Chigunda idawapatsa malo ku Magomero, pamene mtsinje umakhota n'kuzungulira nthaka mbali zitatu. Livingstone adawakonda malowa chifukwa adali osavuta kutchinga ndi mpanda pa nthawi ya nkhondo. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: malowo adali m'chigwa, ndipo anthu atachuluka kupyola 150 m'kampanda kakang'ono, madzi akumwa adaipa ndipo kamwazi adalowa.

Apa tikhalepo pang'ono, pakuti ndi pamene pali mtima wa nkhaniyi. Katswiri wa masamu wa ku Cambridge adamanga yekha nyumba yake ya mitengo ndi udzu. M'mawa uliwonse ankaitana maina a anthu ake mmodzimmodzi, kutsuka zilonda za m'makosi ndi m'miyendo, ndi kugawa chakudya. Zakudya za kwawo zimene adabwera nazo zidatha msanga, ndipo iwo ndi anzawo, a Horace Waller, a Henry Rowley, a Lovell Procter ndi a Henry Scudamore, adayamba kudya zimene dziko lidali nazo. Chakudya ankagula ndi nsalu, ndipo pamene nkhondo idapsereza minda ndi nkhokwe za m'deralo, chimanga ndi mapira zidasowa ngakhale kwa munthu wokhala ndi nsalu. Njira yapafupi idalipo: kubalalitsa khamu lonselo kuti azungu ochepawo adye bwino ndi kusunga mphamvu zolalikira. Sadaitsate. Mbale ya bishopu idachepa chifukwa pakhomo pake padali ana a eni ake, ndipo iye adawayesa akeake, monga amanenera makolo kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsiku lina pobwerera ku Magomero ndi gulu la opulumutsidwa, padali kamtsikana kotchedwa Daoma kamene kadalefuka osathanso kuyenda. Bishopu adakanyamula paphewa mpaka kufika. Mtsikanayu adadzatengedwa kupita ku Cape Town, adabatizidwa dzina loti Anne, ndipo adakhala mphunzitsi pa nyumba ya ana amasiye ya St George mumzindawo. Mnyamata wina wa m'gulu lomwelo adali Chuma, mwana wa Chiyao, yemwe pamodzi ndi Susi adadzasenza mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka kukafika kugombe la nyanja yamchere. Pamene bishopu ankagawa phala m'mawa sadadziwe kuti ndani mwa anawo adzakhala ndani.

John Calvin, pophunzitsa za kusala kudya, adatchula zolinga zitatu: kugonjetsa zilakolako za thupi, kukonzekeretsa mtima ku pemphero ndi kudzichepetsa pamaso pa Mulungu. Koma adaonjezanso kuti moyo wonse wa Mkhristu uyenera kukhala wodziletsa kotero kuti uzioneka ngati kusala kosalekeza. Mfundo yotsirizayi ndi imene timaiiwala. Masiku ano, makamaka chaka chikamayamba, mipingo yambiri imalengeza masiku 7, 21 ngakhale 40 osala kudya, ndipo anthu amakwera mapiri kukapemphera. Sitikunyoza zimenezi, Ambuye Yesu mwini adasala masiku 40, ndipo mu Mateyu 6 amalankhula ngati munthu woyembekezera kuti ophunzira ake adzasala. Chotidetsa nkhawa ndi mndandanda wa zopempha umene timakwera nawo kuphiriko: ntchito, galimoto, banja, ulendo wa kunja. Kusala kwasanduka ngati chikole chimene timapereka kuti Mulungu atibwezere ndi chiwongoladzanja. Ndipo madzulo ake, pomasula, timadya zonse zimene tidasiya masana ndi zina zoonjezera. Ufa umene sudaphikidwe masana ukadali m'thumba mwathu momwemo, ndipo mayi uja wa pa benchi ya kumbuyo sadaulaweko. Akhristu akale ankaphunzitsa kuti mtengo wa chakudya chimene wasala uziperekedwa kwa wamasiye ndi wosauka. Banja lililonse likhoza kuchita zimenezi popanda komiti: mbale ya ufa ya tsiku losala ituluke pakhomo dzuwa lisadalowe.

Tsopano tikambe za mfuti ija, pakuti kubisa mbali imeneyi kungakhale kunamiza owerenga. M'zaka zimenezo Ayao ankalowa m'dera lino kuchokera kum'mawa ndi kumpoto, ndipo Amang'anja a m'chigwa cha Chilwa ndi m'mphepete mwa phiri la Zomba ankathawa midzi yawo. Pa 23 Julayi 1861 Livingstone ndi bishopu adakumana ndi gulu la Ayao ndipo mfuti zidalira. Livingstone atabwerera ku sitima yake, mafumu a Amang'anja adabwera ku Magomero kudzapempha thandizo la nkhondo. A Mackenzie adasinkhasinkha ndi kupemphera, ndipo adavomera atawalumbiritsa mafumuwo kuti ogwidwa onse adzamasulidwa ndiponso kuti iwo eni sadzagulanso kapena kugulitsa munthu. Mu Ogasiti ndiponso mu Okutobala bishopu adatsogolera nkhondo, ndipo misasa ya Ayao idatenthedwa pamodzi ndi chakudya chawo.

Cholinga chawo chidali chachifundo, koma adaweruza mlandu asadamve mbali zonse. Pambuyo pake amishoniwo adazindikira kuti Ayao ambiri adali anthu othawanso nkhondo ndi njala kwawo, ofunafuna pokhala ndi akazi ndi ana awo, ndiponso kuti Amang'anja ena ankagulitsa anthu chimodzimodzi. Malonjezo a mafumu aja sadasungidwe. Chakudya chimene chidapsa m'misasa chidakulitsa njala imene idadzapha ana a ku Magomero komweko. Ku Mangalande akuluakulu a mpingo adadzudzula kwambiri kuti mtumiki wa Uthenga Wabwino wakhetsa mwazi. Ife tikuona kuti munthu amene adatha kusala ulemu, malipiro ndi chakudya adalephera kusala chinthu chimodzi, ndicho changu chofuna kukonza zonse lero lomwe ndi dzanja lake. Safunsa adadya phula. Lero zidzukulu za mbali zonse ziwiri zimagulitsana mpunga ndi matemba pa msika wa Jali, zidakwatirana, ndipo ena mwa abale athu Achiyao amene ndi Asilamu amasala mwezi wathunthu wa Ramadan mwakhama lotichititsa manyazi ife. M'dera lotere Mkhristu ayenera kusamala kwambiri asadagawe anthu kuti awa ndi a kuwala, awo ndi a mdima.

Mfuti yomweyo ndi imene idawachedwetsa pa ulendo wawo wotsiriza. Adapangana ndi Livingstone kuti akakumane pa 1 Januwale 1862 pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, kuti akalandire mlongo wawo Anne ndi mkazi wa wansembe wachinyamata Henry Burrup, amene adali m'njira kuchokera ku Cape Town. Mu Disembala a Procter ndi a Scudamore adapita kukafufuza njira yachidule ya ku Ruo, ndipo adachitidwa chiwembu m'mudzi wa Manasomba cha ku Mulanje, ena mwa onyamula katundu awo n'kugwidwa. Bishopu adapita kukalanga mudziwo ndipo adautentha. Pobwerako tsiku la pangano lidali litakwana, mvula ili pakati, mitsinje itadzaza. Adanyamuka ku Magomero pa 3 Januwale pamodzi ndi a Burrup, onse awiri matupi atafooka kale ndi matenda a m'mimba. Kwa Chibisa adakwera bwato ndi Amakololo owaperekeza. Usiku wina bwato lidagubuduzika, ndipo mankhwala onse, kuphatikizapo kwinini wa malungo, adathera m'madzi.

Adafika pa chilumba cha Malo pa 11 Januwale n'kupeza kuti Livingstone adadutsa kale masiku angapo apitawo. Apa padali chisankho: kubwerera kukatenga mankhwala, kapena kudikira. Adasankha kudikira, poganiza kuti sitima ibwera msanga ndiponso kuti apalane ubwenzi ndi mfumu ya pachilumbapo kaamba ka ntchito ya m'tsogolo. Chilumba cha m'dambo, m'nyengo ya dzinja, popanda kwinini: malungo sadachedwe. Bishopu adadwala masiku ambiri, kenaka adasiya kulankhula. Mfumu, poopa kuti mlendo angafere m'nyumba yake, idalamula kuti asamutsidwire m'kanyumba kena. Adamwalira pa 31 Januwale 1862 ali ndi zaka 36, atakhala bishopu chaka chimodzi ndi mwezi umodzi. Madzulo a tsiku lomwelo a Burrup, amene nawonso ankangodzikoka, adaolotsa mtembo ndi Amakololo aja, adakumba manda m'thengo kufupi ndi kumene lero kuli Chiromo, ndipo adawerenga mapemphero a maliro mpaka mdima udawalepheretsa kuona zilembo. A Burrup adanyamulidwa kubwerera ku Magomero ndipo adamwalira pa 22 Febuluwale. Amayi awiri aja adafika kwa Chibisa kumayambiriro kwa Malichi, m'sabata imene Lenti ya chaka chimenecho inkayamba, ndipo kumeneko ndi kumene adamva kuti onse amene adawadzera adali ataikidwa kale.

Kodi imfa imeneyi tiitche nsembe kapena kusasamala? Ife tikuti muli zonse ziwiri, ndipo Mkhristu wanzeru azilekanitse. Kusiya Cambridge kudali kudzikana. Kugawana mbale ndi ana amasiye kudali kudzikana. Koma kukhala masabata atatu m'dambo la udzudzu popanda mankhwala, pamene njira yobwerera idalipo, kudasiya nkhosa zopanda mbusa pa nthawi imene zinkamufuna koposa. Tikumbukire kuti yesero lina limene Satana adabweretsa kwa Yesu lidadza pamapeto a kusala kudya, ndipo lidali loti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi poyembekezera kuti angelo amuwakha. Ambuye adakana, pakuti kutero n'kuyesa Mulungu. Eliya atafooka m'chipululu, mngelo adamudzutsa kawiri kuti adye chifukwa ulendo udali wautali. Paulo adalimbikitsa anthu a m'ngalawa kuti adye atakhala masiku 14 osadya, ndipo adalangiza Timoteo kusamalira m'mimba mwake modwaladwalamo.

Tikunena izi molimba mtima chifukwa m'midzi mwathu muli abale amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku: a ma ARV, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, a chifuwa chachikulu. Ena mwa iwo auzidwapo kuti kumwa mankhwala pa nthawi yosala n'kuchepa chikhulupiriro, ndipo ena tidawaperekeza kumanda chifukwa cha uphungu wotere. Mlaliki wouza wodwala kuti ataye mankhwala akumugubuduzira bwato dala. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa, mwana, nkhalamba ndi wodwala asadziimbe mlandu akadya. Zilipo zambiri zoti asale: miseche ya pa mjigo, mkwiyo wa mlandu wa malire a munda umene watha zaka, mowa, foni imene yalanda nthawi ya mapemphero a pabanja. Wolephera kusiya nsima akhoza kusiya ngongole imene mnzake wosauka akulephera kumubwezera, ndipo pamenepo wathyola goli ndithu.

Zimene zidatsatira imfa ya bishopu n'zomvetsa chisoni. Mu Epulo 1862 amishoni otsala adachoka ku Magomero kutsikira kwa Chibisa. Mvula idakana, ndipo njala ya 1862 mpaka 1863 idasesa chigwa cha Shire kotero kuti mitembo inkayandama mumtsinje. A Scudamore adamwalira pa 1 Januwale 1863, dokotala wawo John Dickinson mu Malichi. Bishopu watsopano, William Tozer, adasamutsira mishoni ku phiri la Morambala, ndipo mu 1864 adapita nayo ku Zanzibar. A Waller adakana kusiya amayi ndi ana amene a Mackenzie adawalandira, ndipo adatenga ena kupita nawo ku Cape Town. Anyamata ena adapita ndi Livingstone ku Bombay. Ku Magomero kudatsala manda a Burrup ndi a ana ambiri. A Mackenzie sadasiye tchalitchi chomalizidwa, sukulu yokhazikika kapena buku lomasuliridwa m'chilankhulo chathu. Munthu wowerengera phindu monga amachitira wamalonda akadalemba kuti chuma ndi miyoyo zidangotayika.

Koma manda a ku Chiromo sadawalole Angilikani kuiwala dziko lino. Adabwereranso kudzera ku nyanja ya Malawi, ndipo mu 1885 adakhazikika pa chilumba cha Likoma. Mwa ana a ntchito imeneyo mudatuluka Leonard Kamungu wa ku Chia, ku Nkhotakota, amene adadzozedwa unsembe mu 1909, adasiya kwawo kupita kukalalikira ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo adafera komweko mu 1913. Koleji ya zaubusa ya Angilikani mumzinda wa Zomba imatchedwa ndi dzina lake.

Nafenso a Chipresibateriya tili ndi gawo lathu. Mwa ana amene adamasulidwa mu 1861 n'kudya phala la ku Magomero mudali mnyamata wotchedwa Tom Bokwito. Adatengedwa kupita kumwera kwa Africa ndipo adaphunzira pa sukulu ya Lovedale. Patapita zaka 14 adabwerera kuno pamodzi ndi amishoni a ku Scotland. Pamene Henry Henderson ankayendayenda kufunafuna malo oti mpingo wa Church of Scotland umangepo mishoni, womuperekeza ndi womumasulira adali Bokwito, amene ankadziwa chilankhulo ndi njira za m'mapiri a Shire kuyambira ubwana wake. Malo amene awiriwa adasankha mu 1876, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndiwo Blantyre. Kuchokera kumeneko mishoni ya Domasi idatsegulidwa mu 1884, ndipo aphunzitsi ndi alaliki a ku Domasi ndi ku Zomba adayamba kutsikira m'midzi ya m'chigwa cha Chilwa.